Masikauti pasukulu pathu: tiwadzutse kapena tiwasiye agone?

Madamu NaTembo: Mwaswera bwanji makolo ndi aphunzitsi anzanga. Pepani ndakudulani pakamwa pomwe mukukamba za fetereza. A hedi andisenzetsa ntchito yodzutsa kalabu ya masikauti temu ikubwerayi, pomwe ine sikafu sindinaivalepo chibadwire. M'kabati ya mu ofesi ndapezamo mbendera yodyedwa ndi njenjete, kawezulo kadzimbiri, ndi kaundula wakale amene masamba ake ayamba kuthothoka. Pamsonkhano wa PTA bambo wina wandifunsa kale kuti, "Kodi si zausilikali zimenezi?" Ndinangoseka chifukwa yankho ndinalibe. Amene mukudziwa mbiri yake ndithandizeni, ndisakachite manyazi kawiri.

Mabvuto wa Njinga (Mchini): Madamu, funso loyamba lisanabwere lachiwiri. Alawansi ilipo? 😂

Admin: Mabvuto, wayambapo.

aPhiri Opuma (Kalongwezi): Mwana wanga NaTembo, mwandikumbutsa kutali. Ndinayendetsa masikauti zaka zambiri ndisanapume ntchito. Ndilemba pang'onopang'ono, zala zakalamba ndipo foni ndi ya mdzukulu.

Anayambitsa ndi msilikali wa ku Britain, Robert Baden-Powell, wobadwa mu 1857. Choncho bambo uja sanafunse zopusa ayi. Dzina la munthuyu linamveka pa nkhondo ya Angelezi ndi Maburu ku South Africa, pomwe tauni ya Mafeking inazingidwa masiku 217, kuchokera mu 1899 kufika mu 1900. M'katimo amuna anali ochepa, ndiye tianyamata ta m'tauni tinapatsidwa ntchito yothamangitsa makalata ndi mauthenga, ena pa abulu, ena pa njinga. Iye anaona kuti mwana ukamudalira ndi chinthu chenicheni, amachigwira ndi manja awiri.

Mu Ogasiti 1907 anatenga anyamata 20 kupita nawo pakachilumba kotchedwa Brownsea, kumwera kwa England. Ena anali ana a mabwana a m'sukulu zodula, ena ana a anthu wamba. Anawagawa m'timagulu tinayi, kalikonse ndi mtsogoleri wake, osati munthu wamkulu koma mnyamata mnzawo. Gwirani pamenepo Madamu, ndidzabwerezapo. Chaka cha 1908 buku lake linatuluka m'zigawo 6, chigawo chimodzi pa masabata awiri alionse. Anyamata akaliwerenga ankapanga okha timagulu m'misewu, kenako n'kumasaka munthu wamkulu woti awayang'anire. Ana ndiwo anayamba, akulu anachita kuthamangira pambuyo.

Mabvuto wa Njinga (Mchini): Mwamva nonse? Usikauti unayamba ndi ife a njinga. Kuyambira lero mukakwera pakaliyala muzinditchula bwana.

Mkulu wa Mpingo aZulu: A Phiri mwafotokoza bwino koma mwalumpha mkulu wake n'kuyamba ndi mng'ono. Boys' Brigade, imene mumaiona ikuguba ndi malipenga kuno kwathu, ndiyo inayamba. William Alexander Smith anaiyambitsa ku Glasgow mu Okutobala 1883. Anali mphunzitsi wa Sande Sukulu amene anyamata ake ankamusowetsa mtendere, phokoso lokhalokha, ndiye anaganiza zowagubitsa ndi kuwapatsa mwambo. Chizindikiro chathu ndi nangula, kuchokera pa Ahebri 6:19. Smith yemweyo ndi amene analimbikitsa Baden-Powell kuti zimene analembera asilikali azilembenso moyenera anyamata. Ndipo ena mwa anyamata a ku Brownsea aja anatengedwa ku Brigade. Ndiye musatiiwale.

aPhiri Opuma (Kalongwezi): Zoona a Zulu, sinditsutsa. Kusiyana kwake n'kwakuti Brigade ndi ya mpingo, pomwe sikauti amalandira aliyense. M'kalasi mwa Madamu muli Akatolika, a RCZ, a Sabata, Asilamu. Onsewo angathe kuvala sikafu imodzi.

Ambuya aJere (Feni): Ndakhala chete ndikuwerenga, koma apa mtima wakana. Mukumutamanda munthu ameneyu ngati mngelo. Uzani ana zonse. Mu 1896 anali ku Matabeleland kumenyana ndi Amandebele, abale athu. Kumeneko analamula kuti mfumu ina, dzina lake Uwini, iomberedwe. Lipenga limene ankadzutsira anyamata ku Brownsea linali nyanga ya ngoma, ndikunena nyama ya m'tchire osati ng'oma yovinira, ndipo anaitenga ku nkhondo yomweyo. Timikanda tamtengo timene atsogoleri a masikauti amavala m'khosi akamaliza maphunziro, toyambirira tinachokera pa mkanda wa Dinuzulu, mfumu ya Azulu, umene anautenga pa nkhondo ya 1888. Mwina a Phiri muli nato m'sutikesi.

Sindikuti iye anafika kuno ayi. Koma mu 1898, zaka ziwiri chabe kuchokera pa za Amandebele zija, azungu anathyola Angoni a Mpezeni, natenga ng'ombe zathu, ndipo Nsingo mwana wa mfumu anaomberedwa. Tikamapita ku Mtenguleni mwezi wa Febuluwale timakumbuka zimenezi. Ndiye mdzukulu wanga aimirire n'kukweza zala zitatu, sawatcha ya masikauti, polemekeza munthu wa gulu lomwelo?

Chinanso. Ndani anakuuzani kuti ife tinalibe njira yolerera atsogoleri? Ine ndinakulira kubusa. Mnyamata wamkulu ndiye ankagawa ntchito, uyu kubweza ng'ombe, uyu kutema nkhuni, uyu kuyang'anira ana a ng'ombe kudambo. Ng'ombe ikalowa m'munda mwa eni, woyankha kwa akulu anali iyeyo. Usiku kugowelo tinkaweruzana tokha. Palibe anavala kabudula wa khaki.

Admin: Moto wayaka. Tiyankhane mwaulemu chonde.

aPhiri Opuma (Kalongwezi): A Jere mlamu wanga, simunaname ngakhale pamodzi. Timikandato ndili nato, tiwiri, pa chingwe chachikopa, ngakhale tanga ndi tosema masiku ano. Maphunziro ake anayamba ku Gilwell Park ku England mu 1919. Ndipo ndiwonjezere chimene mwasiya, chowawa kuposa. Nthawi ya atsamunda kuno kumwera kwa Africa mwana wakuda sankaloledwa kutchedwa sikauti mofanana ndi mwana wa mzungu. Anatipangira gulu lapadera lotchedwa Pathfinders, atsikana n'kukhala Wayfarers. Lamulo lawo lomwe limati sikauti ndi mbale wa sikauti aliyense, koma ubalewo unkathera pakhungu.

Tsono tamverani. Mmodzi mwa aphunzitsi amene ankatsogolera gulu la Pathfinder ku Mufulira cha m'ma 1948 anali Kenneth Kaunda. Zaka 16 pambuyo pake mbendera ya Angelezi inatsika iye ataimirira pomwepo. Mu 1965 masikauti a Zambia analandiridwa m'bungwe la masikauti a dziko lonse paokha, osadzera kwa munthu. Khasu ngakhale analisula mdani wako, ukalilanda umalimira munda wako.

Chikondi wa ku Lusaka: Haa, KK anali Pathfinder? Sindinkadziwa kuti anali wa Sabata ngati ife!

NaBanda (Katete): 😂😂 Chikondi mwana wa mng'ono wanga, khala pansi.

aPhiri Opuma (Kalongwezi): Ayi mwana wanga, dzina lokha ndilo lafanana. Kalabu ya Pathfinder ya mpingo wa Seventh-day Adventist ndi ina, inavomerezedwa ndi mpingo wawo mu 1950. A Kaunda anali mwana wa mishoni ya Lubwa ku Chinsali.

Chikondi wa ku Lusaka: Ndachita manyazi. Ndikanakalalikira Loweruka.

Ambuya aJere (Feni): Za khasuzo mwakamba mochenjera a Phiri. Koma sindinakhutire. Ndikumvetserabe.

NaBanda (Katete): Abambo mwalankhula, tsopano mutipatse mpata. Nkhani yonseyi mwadzaza anyamata okhaokha. Pamsonkhano waukulu wa masikauti ku Crystal Palace ku London mu 1909 kunatulukira atsikana osaitanidwa, atavala zipewa, n'kunena kuti nawonso ndi masikauti. Ndi chifukwa chake mu 1910 kunayambika ma Girl Guides, motsogozedwa ndi Agnes, mlongo wake wa Baden-Powell. Palibe anawapatsa malo, anachita kudzikhalira.

Ine ndinali gaidi ndili kupulaimale. Zambiri ndinaiwala, nyimbo zokha ndizo zatsala, koma chimodzi chinandigwirira ntchito. Chaka china mwana wa neba anagwa mumtengo wa mango, mkono n'kupindika ngati chikwakwa. Azimayi onse kulira, wina akufuna kuukoka kuti uwongoke. Ndinamukalipira kuti asaukhudze. Ndinatenga timatabwa tiwiri ta kabokosi ka tomato, n'kumanga uku ndi uku, kenako duku langa ndinalipinda makona atatu n'kukoleka mkono m'khosi, mfundo pambali osati pamsana pakhosi. Tinamukweza pangolo mpaka kuchipatala cha St Francis. Manja anga ankadziwa okha, mutu unali utathawa.

Koma Madamu NaTembo, kunena mosabisa, mwana wanga wamkazi sangapite kukagona kutchire ngati kulibe mzimayi wamkulu amene ndikumudziwa nkhope ndi kwawo. Taona zambiri. Mwana apite kukaphunzira kumanga mfundo abwere ndi mimba? Konzani zimenezo poyamba musanatiuze za mbiri.

Madamu NaTembo: Amama mwanena zimene zinali kumtima kwanga. Kampu iliyonse ndidzagona ndi atsikana ndekha, ndipo ndidzapempha amayi awiri a PTA. Makolo adzasaina kalata. Chaka choyamba mwina tisagone n'komwe, tizipita m'mawa n'kubwera madzulo.

Mabvuto wa Njinga (Mchini): Tsopano ndikambeko zenizeni, nthabwala pambali. Ine za "kukonza atsogoleri achinyamata" zinandikwana. Bungwe lina, sinditchula dzina, linabwera mukomboni mwathu ndi galimoto yoyera ya mlongoti. Anatitenga achinyamata 30 kupita kuloji masiku atatu. Tiyi wa 10 koloko ndi masamusa, nkhuku masana, mapepala akuluakulu omata kukhoma, tonse kujambula mtengo wa mavuto, mizu yake ndi nthambi zake. Tsiku lomaliza tisheti, satifiketi, chithunzi, ndi ya thiransipoti mu envulopu. Anandisankha wachiwiri kwa tcheyamani. Tinalemba pulani yochotsa zinyalala mumtsinje wa Lunkhwakwa. Patapita miyezi ingapo ndinaimba foni kufunsa za mawilibala amene analonjeza, akuti pulojekiti inatha, bwana anasamukira ku Lusaka. Komiti inafa tsiku lomwelo. Matisheti otere ndili nawo anayi, onse olembedwa kuti ndine mtsogoleri. Ndimapukutira njinga.

Tiyanjane: A Mabvuto, ine ndimagwira ntchito m'bungwe lotere ndipo zikundiwawa chifukwa mbali ina ndi zoona. Koma musatiike m'thumba limodzi tonse. Vuto lake ndalama zimabwera ndi nthawi yake, zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo wopereka amafuna manambala: mwaphunzitsa angati, akazi angati, amuna angati. Safunsa kuti patatha zaka zisanu mwana uja ali kuti. Ifenso kontirakiti ikatha timakhala pakhomo ngati inu. Koma nenani chilungamo, palibe chimene munatolako?

Mabvuto wa Njinga (Mchini): Chilipo asisi, ndisaname. Kulemba maminitsi ndi kupanga bajeti. Pagulu lathu la a njinga buku la chilimba ndimasunga ndine, ndipo silinasowepo ngwee.

Tiyanjane: Basi, masamusa sanapite pachabe.

aPhiri Opuma (Kalongwezi): Apa ndi pamene ndinati ndidzabwereza. Mabvuto anapatsidwa dzina la utsogoleri koma sanapatsidwe chinthu choti achitsogolere. Sikauti imachita mosemphana. Ana 6 kapena 8 pakagulu, mmodzi wa iwo mtsogoleri, ndipo ntchito ndi yawo. Wamkulu umangoyang'ana kuti asavulale.

Ndikuuzeni za kampu ina kuseri kwa phiri, njira ya ku Chadiza. Mtsogoleri wa kagulu kena anali kamnyamata ka zaka 13, kochepa thupi, kachibwibwi. Ndinamupatsa mndandanda sabata yathunthu isanakwane kuti agawire anzake zobweretsa. Tafika, amanga tenti, aika mafuwa, asonkha moto. Kapenta ali pamoto, kufunsa mchere, palibe. Aliyense akuloza mnzake. Ine mchere ndinali nawo m'chikwama, paketi yathunthu, ndipo ndinakhala pansi pa mtengo wa msuku ndikuwerenga nyuzi ngati sindikumva. Nsima nayo anathira ufa madzi asanatenthe, inatuluka ya mibulu, pakati yaiwisi. Manja ankandiyabwa kuti ndilande mthiko. Sindinalande. Anadya momwemo, nkhope zili gwa, ena akumunena mnzawo uja mpaka misozi inalengeza.

M'mawa kusanache ndinamva kayendedwe. Kamnyamata kaja kadzutsa anzake awiri, atenga khasu, apita kukakumba mbewa m'munda wokololedwa. Anapha zokwanira ndithu. Theka anakasinthanitsa ndi mchere kwa mayi wina pamudzi wapafupi, theka anawamba. Madzulo ake anaika mnyamata wina wodziwa kuvundula kuti aphike, iye n'kumagawa nkhuni ndi madzi. Palibe anamuuza. Ndikanatulutsa paketi ija usiku, akanaphunzira chimodzi chokha: kuti a Phiri amakhala ndi mchere.

Lero ndi bambo wa ana asanu, ndiye amasunga ndalama za komiti ya pachitsime kumudzi kwawo, ndipo pampu ikathyoka sipita sabata. Pamaliro aliwonse amene ndakumana naye, chinthu choyamba kufunsa azimayi kukhitchini ndi chakuti, "Mchere mwagula?"

NaBanda (Katete): Mwandiseketsa mpaka mwana wadzuka. Koma munali ouma mtima a Phiri!

Ambuya aJere (Feni): Ndiye kubusa kumene ndimanena kuja. Ndendende. Mwangokuveka sikafu.

aPhiri Opuma (Kalongwezi): Eya mlamu. Kusiyana n'kwakuti mwana wa ku Nabvutika kapena ku Kapata alibe ng'ombe zoti akabuse, gowelo kulibe, ndipo akaweruka kusukulu chomudikira ndi foni, malo obetcha mpira ndi tujilijili. Kubusa kwa m'tauni tikupeze kuti?

Bambo a Limbikani (Mwami): Ine nkhawa yanga ndi ina. Ndimakhala kuboda, ndipo amayi anga ndi a ku Mchinji. Tinaona a Malawi Young Pioneers nthawi ya Kamuzu. Nawonso poyamba ankati ndi kuphunzitsa achinyamata ulimi, mwambo ndi utsogoleri, ndipo ena anaphunziradi ulimi. Mapeto ake anali oimitsa anthu pamsika ndi pabasi kufunsa khadi la chipani, mpaka asilikali anachita kuwalanda zida mu Disembala 1993. Kuno kwathunso makada, anyamata a zipani, tawaona m'masiteshoni ndi m'misika. Mwana ukamuphunzitsa kufola ndi kumvera wezulo, funso ndi lakuti wezuloyo adzaimba ndani.

Mkulu wa Mpingo aZulu: Funso lolemera limenelo.

aPhiri Opuma (Kalongwezi): Lolemeradi, ndipo ndilibe yankho lotsekeratu pakamwa. Malamulo a masikauti amakana ndale za chipani, koma lamulo lili papepala, munthu ali pansi. Ine zinandipeza. Chisankho chitayandikira, munthu wina wofuna mpando ananditumizira uthenga kuti agulira ana onse yunifomu, nsapato ndi ng'oma, malinga adzaime pamzere pomulandira pamsonkhano wake. Ana anali atamva kale, maso ali pa ine, ambiri a iwo osavala nsapato. Ndinakana. Makolo ena sanandipatse moni mwezi wathunthu. Mpaka lero sindidziwa ngati ana aja anandikhululukira. Madamu, zimenezi zidzakupezani, konzekeranitu mawu oyankha.

Madamu NaTembo: Mwandiopseza koma zikomo. Nanga yunifomu? Makolo ambiri angopuma kumene chichokereni fizi mu 2022, ndikawauze zogula malaya a khaki adzandithamangitsa.

Tiyanjane: Yesani CDF, thumba la boma la chitukuko cha konsitichuwense. Mu 2022 inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense, ndipo muli gawo la achinyamata. Mafomu amadzera ku komiti ya chitukuko ya wadi.

Mabvuto wa Njinga (Mchini): Mukadikira imeneyo ana adzamera ndevu.

aPhiri Opuma (Kalongwezi): Musayambe ndi ndalama. Gulu loyamba ndi ndalama limatha ndi ndalama, Mabvuto wachitira umboni. Gulani nsalu ya mtundu umodzi ku Down Shops, telala aidule makona atatu, aliyense sikafu yake. Kamphete komangira sikafu ana aseme okha ndi nsungwi, ena ankaboola fupa la mbuzi. Yunifomu ya sukulu ikwanira. Chachiwiri, musatenge ana 100 tsiku loyamba chifukwa a hedi akufuna chithunzi. Sankhani 8, muwaphunzitse temu yonse, amenewo ndiwo adzakhale atsogoleri a timagulu temu yotsatira. Chachitatu, lembetsani gulu ku Zambia Scouts Association kuti inunso akuphunzitseni ndipo ana adziwike. Zina zonse, mfundo, thandizo loyamba, kuwerenga mapazi a nyama, ndidzakuonetsani ine ngati mawondo alola.

Chikondi wa ku Lusaka: Ambuya, nanga mzunguyo anathera kuti?

aPhiri Opuma (Kalongwezi): Anamwalira ku Nyeri m'dziko la Kenya pa 8 Januwale 1941 ndipo anaikidwa komweko. Pamwala wa manda ake pali kachizindikiro kozungulira ndi kadontho pakati. Masikauti amajambula kameneko pansi akamalondolana m'tchire, kutanthauza kuti ndapita kwathu.

Ambuya aJere (Feni): Kwawo ku Kenya? Hmm. Ndisayambenso.

Madamu, mvetserani. Mdzukulu wanga ali giredi 6 pasukulu panupo. Ndimulola, koma pali mawu. Mukamawauza za Brownsea muwauzenso za Uwini ndi Dinuzulu, tsiku lomwelo osati mawa lake. Muwauze za Zwangendaba kuwoloka Zambezi mu 1835 dzuwa litadetsedwa masana. Timagulu tanuto musatitche maina a mbalame za ku England zimene sanazionepo, kuli njovu, nkhwazi, nyalugwe, kalulu. Za mapazi a nyama a Phiri asanamize ana, anakulira pamishoni amenewo, ndidzabwera ndekha. Ndili ndi nyanga ya ng'ombe yanga imene inafa chaka chatha, ndaiboola kale, imalira kuposa kawezulo kanu kadzimbiri. Koma zala zitatu ine sindikweza.

aPhiri Opuma (Kalongwezi): Pamishoni pomwepo ndi pamene ndinakutengerani mlongo wanu, a Jere. Bwerani nayo nyangayo.

Madamu NaTembo: Zikomo kwambiri nonse, ndakopera zonse m'kope. Tikumane Loweruka 14:00 pabwalo la sukulu, pansi pa mtengo waukulu uja. A Phiri, a Jere, amama NaBanda ngati mungapeze basi, ndi kholo lililonse lofuna kudzaona ndi maso. Ndikufuna zingwe za sisalo zokwana ana 8, amene ali nazo zotsala pomanga fodya atibwereke.

NaBanda (Katete): Loweruka ndili ndi chinkhoswe, koma lotsatiralo ndibwera ndi duku langa.

Mabvuto wa Njinga (Mchini): A Phiri ndidzawanyamula ine kuchoka ku Kalongwezi, ulere. Kubwerera alipira.

Bambo a Limbikani (Mwami): Ine ndidzabwera kudzangoyang'ana. Limbikani sindinamulole kaye.

Admin: Chabwino. Tsono tibwerere kumene tinachokera: amene maina awo sanatuluke pa fetereza, a kopaletivu akuti mupite ndi chitupa cha NRC Lachitatu m'mawa.